Mawu amodzi m'envelopu yomata

Pali mnyamata amene ntchito inamupulumuka ili kale m'manja, ndipo amene anachititsa ndine. Sindinamunenere bodza, sindinamuchitire kaduka. Pa ana onse amene anadutsa m'manja mwanga pa zaka zanga za uphunzitsi, palibe amene ndinkamufunira zabwino kuposa iyeyo. Ndinangomulembera kalata yomuchitira umboni, ndipo m'kalatamo ndinaikamo mawu amodzi a Chingerezi amene ndinkayesa chiyamikiro chachikulu. Mawuwo ndi complacent. Kwa zaka zambiri nkhaniyi ndakhala ndikuidula, n'kumangoti panali kusamvana pa kalata. Panalibe kusamvana kulikonse. Amene anawerenga kalatayo anaimva bwinobwino. Amene sanaimve ndi ine woilembane.

Kulimba mtima kwanga kunachokera ku Chilatini. Ndili mnyamata ndinaphunzirako ku seminale yaing'ono, ndipo ngakhale unsembe sindinaufike, chiyankhulocho ndinachoka nacho. Tinkaloweza aneni m'magawo awo anayi, mokweza, mpaka kukhosi kuuma: placeo, placere, placui, placitum. Mneni ameneyu amatanthauza kukondweretsa, kukomera munthu. Bambo mfumu amene ankatiphunzitsa ankakonda kutiuza kuti pa Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, womwe unachitika kuyambira 1962 mpaka 1965, maepiskopi povota ankati placet akagwirizana nayo mfundo, kutanthauza kuti yawakomera, ndipo akaikana ankati non placet. Anatiphunzitsanso chinthu chimene chinadzandipatsa ulemu pa ntchito: mawu ambiri aatali a Chingerezi ukawaswa, m'kati mwake umapezamo Chilatini. Transport ndi trans, kuoloka, ndi portare, kunyamula. Manuscript ndi manus, dzanja, ndi scribere, kulemba. Njirayi inali isanandigwiritsepo mwala, moti ndinasiya kuikayikira.

Komanso Chilatini chinali ndi dzina m'dziko muno. Kamuzu Academy itatsegulidwa ku Mtunthama, m'boma la Kasungu, mu 1981, aliyense ankadziwa kuti ana a kumeneko amaphunzira Chilatini ndi Chigiriki, ndipo kwa zaka zambiri pambuyo pake anthu ankaona ngati wodziwa Chilatini ndiye waimaliza sukulu yonse. Ulemu umenewo unkandigwerako inenso, mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya pulayimale ya kumudzi, kufupi ndi minda ya tiyi. Aphunzitsi anzanga akakumana ndi mawu ovuta m'kalata yochokera ku ofesi ya maphunziro ankabwera nawo kwa ine. Ndinkawaswa pa bolodi, iwo n'kumagwedeza mitu. Dikishonale ya sukulu inkakhala m'kabati mu ofesi yanga, makiyi ake m'thumba mwanga, ndipo miyezi inkatha ndisanaitsegule.

Mnyamatayo anali mwana wa mayi wamasiye wa mu mphakati wathu. Mayeso a Fomu 4 anakhoza bwino, koma ku koleji sanasankhidwe, ndipo mayi ake analibe kotenga ndalama zomulipirira kwina. Anabwera kudzapempha kuti azithandizako pa sukulu pathu. Komiti ya sukulu inkamupatsa kangachepe ka sopo, mwezi wina osamupatsa n'komwe. Ndinamupatsa ana a Sitandade 3 ndi makiyi a kachipinda kosungiramo mabuku, choko ndi makasu. Anagula kope ndi ndalama zake n'kumalembamo chilichonse chotuluka ndi cholowa, tsiku lake, ndi dzina la wotenga. Chaka chimenecho, kwa nthawi yoyamba chibwerereni ine pa sukulupo, mabuku anakwanira titawawerenga potsekera. Sankadandaula, sankakweza mawu, ukamutuma ankanyamuka pomwepo. Anali ndi kadikishonale ka m'thumba kothothoka chikuto, ndipo akakumana ndi mawu achilendo sankapitirira asanakatsegule. Ine ndinkamuuza kuti akadzadziwa mizu ya mawu, kabukuko adzakasiya.

Esiteti ina ya tiyi inalengeza kuti ikufuna kalaliki wa kusitolo ya fakitale, wosunga zitsulo za makina, dizilo, feteleza ndi zovala za antchito. Kudera kwathu ntchito yoteroyo si yamasewera. Ambiri amene amapita ku esiteti amapita kukathyola tiyi m'dzinja, masamba akachepa n'kubwerera kwawo. Kalaliki amalandira mwezi ndi mwezi chaka chonse, amapatsidwa nyumba, ndipo abale ake amadziwa kokagogoda njala ikavuta. Mnyamatayo analemba mayeso awo, anakhoza, anamuitana kukamufunsa mafunso, ndipo pomaliza anatsala awiri. Chimene chinkafunika tsopano ndi kalata yochokera kwa munthu amene anagwirapo naye ntchito, yodinda, yomata, yoti mwini wakeyo asaiwerenge.

Ndinailemba usiku kunyumba, pa nyali ya parafini. Ndinkafuna mawu amodzi oti anyamule zonse zimene ndinkaona mwa iye: kudekha, kumvera, kusavuta kugwira naye ntchito, kukhutira ndi zochepa. Pleasant ndinaona kuti ndi mawu wamba amene hedi aliyense amalemba. Placid, amenenso amachokera kwa placere yemweyo, ndinawakana poopa kuti angamveke ngati ndikunena munthu wa tulo. Kenako complacent anandibwerera m'mutu, ndipo ndinawaswa monga mwa chizolowezi changa. Placere, kukondweretsa. Com, mphatikiri amene pena amatanthauza pamodzi, pena amangoonjezera mphamvu, monga momwe ife timatalikitsira mneni tikamati kumva, kumvetsa, kumvetsetsa. Ndiye complacere ndi kukondweretsa kwambiri. Ndinakumbukiranso kuti mneni yemweyu ndinamumvapo mu Uthenga Wabwino wa Chilatini, pamalo olemekezeka kwambiri. Mtima unakhala pansi kuti ndapeza mawu omuyenera.

Mayi akunyumba ankasoka pambali panga. Nditawawerengera n'kuwamasulira, anati, "Bambo, mawu amenewa ine sindinawamvepo. Bwanji mawa mukayambe mwawaona m'buku lija musanatayipe?" Ndinawayankha kuti buku lija analemba ndi anthu amene anaphunzira Chilatini chomwe ndinaphunzira ine. Sanaonjezere kanthu.

M'mawa ndinatayipa kalatayo mu ofesi, kabati ija ili kumbuyo kwanga. Mawuwo ndinawaika kawiri. Koyamba ndinati mnyamatayu ndi wotero mwachibadwa. Kachiwiri, pofuna kuti a esiteti aone kuti ntchito ya kusitolo akuidziwa kale, ndinati ngakhale pa kasungidwe ka katundu wa sukulu wakhala complacent nthawi zonse. Ndinadinda, ndinasayina, ndinamata envelopu n'kusayinanso pomatapo. Kunja kunkagwa mvula. Anailandira ndi manja awiri, anaikulunga m'jumbo, n'kuiika m'kati mwa malaya kuti isanyowe. Anapita nayo yekha, wapansi.

A esiteti anatenga mnzake uja. Mnyamatayo anabwerera kwa ana ake a Sitandade 3 osanena kanthu, ndipo ine ndinamutonthoza ndi mawu amene tonse timanena, akuti ntchito masiku ano n'za odziwana. Ndinkakhulupiriradi zimenezo. Lamulungu lina titatuluka mu Misa, kapitawo wina wa pa esitetipo amene timapemphera naye anandikokera kuseri kwa tchalitchi.

"Ahedi, ndifunse nawo. Mwana uja anakulakwirani chiyani?"

Ndinati palibe.

"Nanga bwanji munamulembera kalata yomupha? Kuofesi akuti mayeso anamuposa mnzakeyo, koma kalata yanu ndiyo inamugwetsa. Akuti munati ndi wamphwayi."

Apa ndi pamene ndinalakwa kachiwiri, ndipo kulakwa kwachiwiriku kumandipweteka kuposa koyamba. Ofesi yanga inali pafupi, makiyi ndinali nawo. Sindinapiteko. Ndinapita kunyumba nditakwiya, ndikuti makalaliki a pa esiteti sadziwa Chingerezi, ndipo mwana wosalakwa wavutikira umbuli wawo. M'mawa mwake ndinatenga buku langa lakale la galamala ya Chilatini, ndinalimanga pa kaliyala, ulendo wa ku esiteti.

Misewu ya m'minda ya tiyi m'dzinja ndi matope ofiira okhaokha. Tayala linaphwa ndisanafike pakati, ndipo njira yotsalayo ndinayenda ndikukankha njinga, mvula ikundithira. Pageti mlonda anandikaniza poti ndinalibe kalata yondiitana. Ndinaima pamenepo mpaka kapitawo uja anadutsa n'kundipepesera. Ndinafika ku ofesi jekete likudontha, n'kukhala pa benchi ya ofuna ganyu mpaka madzulo.

Amene anandilandira anali mayi woona za antchito, wamng'ono kwa ine, waulemu kwambiri. Anatulutsa kalata yanga m'fayilo. Ponse pawiri pamene panali mawu aja panali patazunguliridwa ndi cholembera chofiira. Ndinatsegula galamala yanga pa tebulo lawo n'kuyamba kuphunzitsa. Ndinawalembera com ndi placere pa pepala, ndinawatchulira magawo anayi a mneni, ndinawauza mokweza kuti amene anawerenga kalatayi afunika abwerere ku sukulu. Anandisiya mpaka ndinamaliza. Kenako anati, "Bambo, tiyeni mukaone kanthu kena."

Anapita nane pakhomo la fakitale, kumene makina odula masamba amalira osalekeza. Pakhomapo panali chikwangwani chochenjeza antchito za ngozi, ndipo pamwamba pake, m'malemba aakulu, panali mawu a banja limodzi ndi anga aja: complacency. Anandifotokozera kuti amene amawadetsa nkhawa kwambiri pa makina si mlendo, chifukwa mlendo amawaopa. Ndi uja anawazolowera, amene amadziuza kuti zaka zonsezi sanapwetekepo, ndiye amasiya kuyang'ana pamene waika dzanja. Titabwerera mu ofesi anatenga dikishonale pa shelefu n'kundipatsa kuti nditsegule ndekha. Tanthauzo lake linali lomwelo: munthu wokhutira ndi iye mwini ndi mmene zinthu zilili, mpaka osaonanso vuto kapena ngozi imene ikubwera. Wodzimva, wotayirira. Kupatula kuba, palibe chimene mungamunenere wosunga sitolo choipa kuposa chimenecho.

"Tinkayesa mukutichenjeza," anatero mayiwo. "Mahedi ambiri sakana kulemba kalata poopa kudana ndi makolo. Amalemba zabwino, n'kubisamo mawu amodzi oti wanzeru amve. Inu munawalemba kawiri." Ndinapempha kuti ndilembe ina pomwepo. Anapukusa mutu. Mnzake uja anali atasayina kale, atalowa m'nyumba, ndipo sanalakwe kanthu. Anandiuzanso mosabisa kuti ngakhale malo ena atapezeka, kalata yanga yachiwiri ikhala yopepuka, pakuti abwana awo afunsa kuti ngati mwini kalata sankadziwa zimene ankalemba koyamba, kachiwiri adziwa bwanji. Potuluka ndi pamene ndinaona kuti chitseko cha chipinda china chapafupi chinali chotsegula. Mmenemo ndi mmene munali abwanawo, amene anazungulira mawu aja ndi cholembera, ndipo zija zobwerera ku sukulu anazimva zonse. Ndinapita kukakonza zinthu, ndinabwerako nditamutsekera mnyamatayo khomo lomwe linatsala.

Ngakhale pamenepo mtima wanga sunagonje. Ndinkadziuza kuti dikishonale yawoyo ndi yatsopano, yolembera ana, ndipo Chingerezi chenicheni chili kumbali yanga. Ndinapita kwa bambo mfumu wina wokalamba amene anapuma ntchito, munthu amene Chilatini ankachiwerenga tsiku ndi tsiku m'mapemphero awo. Ndinkafuna andiuze kuti ndinalondola. Ndinawafotokozera za mnyamatayo kuyambira pa kope lija, ndipo anandimvetsera mpaka kumapeto.

"Muzu mwaupeza molondola, aphunzitsi," anatero. Anatsitsa Baibulo lawo la Chilatini n'kundionetsa chimene ndinkachikumbukira chija. M'Mauthenga Abwino amene Jerome anakonza atatumidwa ndi Papa Damasus mu 382, mneni ameneyu ali pa ubatizo wa Yesu, pa Mateyo 3:17, pamene mawu ochokera kumwamba akunena za kukondwera mwa Mwana. Pamenepo alembedwa kuti complacui. Aliponso pa Mateyo 17:5, pa phiri. Mawu amene ndinagwetsera mwana wa mayi wamasiye analidi kale mawu a bambo wonyadira mwana wake.

Anandiyendetsa m'zaka mazanamazana. Thomas Aquinas, amene anamwalira mu 1274, anagwiritsa ntchito dzina lakuti complacentia pofotokoza chiyambi cha chikondi: mtima ukaona chabwino umayamba wakondwera nacho, kenako umachifuna, pomaliza umapumula ukachipeza. Francis de Sales, episkopi wa ku Geneva, m'buku lake lonena za chikondi cha Mulungu la mu 1616, anasiyanitsa chikondi chokondwera ndi ubwino wa wokondedwayo ndi chikondi chomufunira zabwino, ndipo choyambacho omasulira m'Chingerezi anachitcha ndi mawu a pa chikwangwani cha fakitale aja. John Milton, mu ndakatulo yake ya Paradise Lost imene inatuluka mu 1667, anaika complacence m'kamwa mwa Mulungu Atate poyankhula ndi Mwana. Ndipo pamene complacent ankayamba kulembedwa m'Chingerezi, m'zaka za m'ma 1600, ankatanthauzadi wokondweretsa, monga ndinkaganizira ine. Koma pofika theka lachiwiri la zaka za m'ma 1700 anali atayamba kunena za munthu wokondwera ndi iye mwini, ndipo tanthauzo limeneli ndi limene linapambana.

Kutembenuka kumeneku ndakhala ndikukuganizira kwa zaka, ndipo ndimakuona bwino ndikakuika m'Chichewa. Poyamba panali anthu awiri, wokondwera ndi womukondweretsa. Pang'ono ndi pang'ono wachiwiriyo anasowa, n'kutsala munthu mmodzi amene akukondwera ndi iye yemwe. Ife zoterezi sitingazibise, pakuti chiyankhulo chathu chimatikakamiza kuika -dzi- m'kati mwa mneni: kuyamika, kudziyamika, kukhulupirira, kudzikhulupirira, kumva, kudzimva. Mwana wa Sitandade 3 amamva kusiyana kwake. Chingerezi chinalowetsa -dzi- wake m'mawu amenewa osasintha lemba ndi limodzi lomwe. Woyang'ana malemba saona kanthu. Amadziwa ndi yekhayo amene wamva mmene anthu akuwayankhulira lero, kapena amene wafunsa. Ndipo kuchokera pa kudzikondwerera kufika pa kutayirira si patali, chifukwa amene wakhutira ndi ntchito yake amasiya kuibwereza. N'chifukwa chake mawuwa anakathera pa makoma a mafakitale. Ndinadzawerenga pambuyo pake kuti mu 1993 Gordon Dupont wa ku Transport Canada atandandalika zinthu 12 zimene zimachititsa okonza ndege kulakwitsa, complacency analimo, pamodzi ndi kutopa, kusokonezedwa ndi kusauzana bwino.

Bambo mfumu anatenga pepala n'kulemba mawu ena pansi pa anga: complaisant. "Amene munkafuna ndi awa." Muzu wake ndi womwewo, complacere, koma awa anadzera ku France, kumene mneniyo anasanduka complaire, n'kulowa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1600 zomwezo. Anasunga tanthauzo la munthu wofuna kukondweretsa ena, womvera, wosavuta. Potchula, awiriwa amamveka pafupifupi chimodzimodzi, ndipo madikishonale ambiri amachenjeza kuti anthu asawasokoneze. Ya m'kabati mwanga ija nditaitsegula potsiriza, chenjezolo linalimo, pansi penipeni pa tanthauzo. Komabe anandiuza kuti ngakhale awa si abwino m'kalata ya ntchito, chifukwa amatha kumveka ngati munthu wongovomera zilizonse, pamene wosunga dizilo ayenera kudziwa kukana.

"Mukanangolemba zimene mwandiuza ine poyamba paja," anatero. "Kuti anagula kope ndi ndalama zake, ndipo mabuku anakwanira."

Anandipatsa zitsanzo zina kuti ndione kuti sizinachitikire mawu amodzi okha. Nice, amene mwana aliyense wa sukulu amawadziwa ngati chinthu chabwino, amachokera ku nescius, kutanthauza wosadziwa, ndipo atangolowa m'Chingerezi ankanena za munthu wopusa. Placebo ndi placere yemweyo, kutanthauza kuti ndidzakondweretsa. Ndi mawu oyamba a pemphero la madzulo lopempherera akufa, ochokera mu Salimo 116 m'Mabaibulo athu ambiri, lomwe m'Chilatini ndi 114. Ku England wakale anayamba kunena za wosyasyalika, moti Geoffrey Chaucer, amene anamwalira mu 1400, anatcha Placebo munthu wina wa m'nthano zake amene ntchito yake n'kuvomereza chilichonse chimene mbale wake wanena. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700 madokotala anawatenga n'kuwapatsa mankhwala ongosangalatsa wodwala. Please, pleasure, ngakhale plea wa kukhoti, onsewo ndi ana a mneni mmodzi, koma aliyense anakamanga kwake. "Muzu umakuuzani kwawo kwa mawu, aphunzitsi. Kumene akukhala lero mumafunsa anthu."

Chilatini sindichiimba mlandu, ndipo mpaka lero ndimachikonda. Chimene chimandiwawa ndi envelopu. Tili ndi chizolowezi chakuti tsogolo la mwana lilembedwe m'chiyankhulo chimene mayi ake sachimva, limatidwe kuti iye mwini asaone, kenako tim'patse yemweyo kuti anyamule. Chifukwa chake chomatira ndimachidziwa: amafuna wolemba anene zoona mopanda mantha. Koma panalibe chondiletsa kumuwerengera ndisanamate, pakuti m'kalatamo ndinalibe choti ndimubisire. Ndikanatero, ndikudziwa chimene akanachita. Akanatulutsa kabuku kake kothothoka chikuto, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Ahedi, pepani, apa pakuoneka ngati palembedwa zina." Sindinamuwerengere chifukwa sindinkaganiza kuti mwana wa Fomu 4 angakonze Chingerezi changa.

Ndinazengereza kukauza mayi ake. Mayi akunyumba ndi amene anandikakamiza. Za usiku uja sanandikumbutse. Anangoti, "Nkhani yafala m'mudzi monse kuti munamuda mwana uja. Mayi ake akamva kwa ena ayesa n'zoona. Tiyeni tipite." Tinanyamula nkhuku. Tinawapeza akusenda chinangwa pakhonde. Atatiyalira mphasa n'kutilonjera ndinayamba kufotokoza, ndipo ndinangozindikira ndayambanso za Jerome ndi za ku France. Mayi akunyumba anandigwira pa bondo. Ndinasiya, n'kunena chimene ndinadzera.

"Mayi, mwana wanu anakhoza. Ntchito ija inali yake. Ndinalemba mawu olakwika osawafufuza, ndipo a esiteti anamva kuti ndi wamphwayi. Ndabwera kudzapepesa."

Anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anati, "Ahedi, ine kusukulu sindinapite. Ndinkati mwana wanga ndamupereka kwa anthu odziwa. Ndiye mukuti Chizungu munalakwitsa ndinu, koma woluza ntchito ndi iyeyu?"

Ndinati inde.

"Nanga inuyo mwaluza chiyani?"

Ndinasowa choyankha. Nkhuku analandira, pakuti mlendo sabwezedwa ndi mphatso yake, koma sanatiperekeze. Anatiperekeza ndi mnyamatayo, amene nthawi yonseyi anali ataima pakhomo. Tili m'njira anandipempha kuti ndimutchulire malemba a mawuwo, limodzilimodzi. Anatsegula kabuku kake, anawerenga, n'kukatseka.

"Alimo, ahedi," anatero.

Anamaliza teremu imeneyo ndi ana ake, anandibwezera makiyi ndi kope lija zonse zitakwanira, n'kunena kuti akupita kwa amalume ake ku Limbe. Tinagulitsa mbuzi kuti timulipirire sukulu yoyendetsa galimoto, ndipo ndalamazo anazilandira kwa mayi akunyumba, osati kwa ine. Layisensi anatenga, koma galimoto yoyendetsa sanaipeze. Anagulitsako zitsulo mumsika, kenako anatsikira ku Johannesburg monga anyamata ambiri a kwathu, ndipo kumeneko amagwira ntchito m'nyumba yosungiramo katundu, kumene ndamva kuti makiyi amasunga ndi iye. Amatumiza ndalama, nyumba ya mayi ake ili ndi malata. Ena akamva zimenezi amandiuza kuti ndiye kuti Mulungu anali nacho cholinga, ndisiye kudandaula. Ine sindivomereza. Iye ankafuna kukhala kwawo, pafupi ndi mayi ake, pa ntchito imene anaikhozera mayeso. Ana ake akukulira kutali, agogo awo amangowamva pa foni, ndipo mayiwo atagonekedwa m'chipatala chaka chatha, iye anafika atatuluka kale. Tikakumana kutchalitchi mayiwo amandipatsa moni n'kundifunsa za kunyumba, koma za mwana wawo amauza mayi akunyumba okha.